Anandichotsa chotupa m'bere, tsopano akuti ndibwererenso kufiyeta: mafunso ndi mayankho

Nkhaniyi imakonda kuyenda motere. Mayi wa kwa Mkanda kapena ku Kamwendo, m'boma la Mchinji, wamva kanthu kolimba m'bere posamba, wapita kuchipatala, amuchita opaleshoni yaing'ono, bala lapola, iye n'kubwerera kumunda wa mtedza akuyesa kuti zatha. Patapita milungu akumuitana. Chotupa chija chinali khansa, ndipo pakufunika opaleshoni ina: mwina adulenso pang'ono pamalo omwewo bere litsale, mwina achotse bere lonse. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amayi ndi magadiyani awo amanong'onezana pabenchi akudikira dzina liitanidwe. Mayankhowa salowa m'malo mwa dokotala amene waona pepala lanu, koma akuthandizani kulowa m'chipinda chake muli ndi mawu pakamwa.

Chotupa anachotsa kale. Nanga opaleshoni yachiwiri ndi ya chiyani?

Taganizani za mbatata yofumbwa. Mukamasenda simuchotsa kadontho kakuda kokhako ayi, mumadula mozungulira mpaka mpeni ufike poyera. Mukaona kuti m'mphepete mwa chidutswa chomwe mwataya mudakali mzere wakuda, mumadziwa kuti mbali yomwe yatsala m'manja nayo ingakhale ndi chake.

Chotupa chikachotsedwa chimaikidwa m'botolo la mankhwala n'kupita ku labotale. Kwa ife a chigawo chapakati nthawi zambiri ndi ku Kamuzu Central, komwe labotale younikira nyama za m'thupi inayamba kugwira ntchito mu 2011. Kumeneko amapaka inki kunja kwa nyamayo, amaidula tizidutswa topyapyala, n'kuyang'ana pa makina okulitsa zinthu. Akaona kuti khansa yafika pomwe pali inki, ndiye kuti mpeni unadutsa pa khansa penipeni, ndipo ina ingakhale itatsala m'bere. Papepala amalemba kuti positive margins kapena involved margins. Akapeza nyama yabwino pakati pa khansa ndi inki, amalemba kuti clear margins.

Madokotala anakangana zaka zambiri kuti nyama yabwinoyo ikhale yochindikala bwanji. Mu 2014 mabungwe a madokotala a khansa ku America anagwirizana kuti pa khansa yomwe yalowerera kale m'nyama ya bere, chofunika n'chakuti inki isakhudze khansa basi. Pa mtundu wina wotchedwa DCIS, womwe umakhala udakali m'kati mwa njira zamkaka, mu 2016 anati pakhale mamilimita 2. Khansa ikakhudza inki n'kuisiya choncho, mwayi woti ibwererenso m'bere lomwelo umakula pafupifupi kawiri, ndipo kuwotcha khansa ndi makina (radiotherapy) kapena kemo (mankhwala amphamvu opha khansa) sizichotseratu chiopsezo chowonjezerekacho. Opaleshoni yachiwiri yagona pamenepo.

Ndiye kuti dokotala woyamba analakwitsa?

Nthawi zambiri ayi. Khansa ili ndi timizu tomwe diso silingaone ndiponso chala sichingamve. Ngakhale ku England, komwe kuli makina onse, kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti mayi mmodzi mwa asanu alionse amene anachita opaleshoni yosunga bere ankabwereranso kufiyeta.

Kwathu kuno pali chifukwa china. Zotupa zambiri za m'bere, makamaka kwa atsikana, si khansa. Ndiye zimachitika kuti chotupa chachotsedwa ngati chotupa wamba, chodulidwa pafupi kwambiri, khansa n'kudzadziwika zotsatira zitabwera. Pena nyamayo inatuluka zidutswazidutswa kapena yopanda ulusi wosonyeza mbali yakumtunda ndi yakumunsi, moti wa ku labotale sangathe kunena kuti m'mphepete muli bwanji. N'chifukwa chake akatswiri amakonda kuti ayambe atengako kanyama ndi singano, adziwe chomwe akulimbana nacho, opaleshoni ibwere pambuyo. Ngati muli ndi mchemwali amene wapeza chotupa lero, mum'uze zimenezi.

Maopaleshoni awiriwa amasiyana bwanji?

Yodulanso pang'ono: dokotala amatsegula pachipsera chomwe chija, n'kupala khoma la dzenje lomwe chotupa chinasiya, mbali yokayikitsayo kapena mozungulira monse. Imatha msanga, ndipo ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Bere limatsala koma limachepako, pena limakhala ndi kachigwa kapena nsonga yake imapendekera.

Yochotsa bere lonse: amachotsa nyama yonse ya bere pamodzi ndi nsonga yake ndi khungu lina, n'kusoka mzere wopingasa pachifuwa. Minofu ya pansi imasiyidwa. Mumadzuka muli ndi kapaipi kotulutsa madzi ofiirira m'kabotolo, komwe kamakhala masiku angapo mpaka madziwo achepe. Khungu lozungulira chipsera limachita dzanzi, kwa ena mpaka kalekale.

Kuchotsa bere lonse si ndiko kumalizitsitsa nkhani? Ine ndikufuna moyo, osati bere.

Mawu amenewa timawamva kwambiri, ndipo ndi a munthu woganiza bwino. Koma tamvani zomwe zinapezeka.

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, dokotala wina wa ku America, William Halsted, anaphunzitsa dziko kuti khansa ya m'mawere imagonja ukadula kwambiri: bere, minofu ya pachifuwa, ndi zonse za m'khwapa. Amayi ankatsala nthiti zikuonekera pansi pa khungu, mkono uli wotupa. Zinayenda choncho zaka makumimakumi. M'ma 1970 madokotala awiri anafuna umboni. Umberto Veronesi ku Milan, ku Italy, anayamba kafukufuku wake mu 1973 ndi amayi 701 a zotupa zazing'ono. Bernard Fisher ku America anayamba wake mu 1976 ndi amayi oposa 1,800. Ena anachotsedwa bere, ena mbali yokhala ndi chotupa yokha. Anawatsatira zaka 20, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2002: amene anasunga bere n'kuwotchedwa ndi makina anakhala ndi moyo mofanana ndi amene anachotsedwa bere lonse.

Chifukwa chake n'chakuti kawirikawiri khansa ya m'mawere siipha munthu ili m'bere. Imapha ikasamukira kuchiwindi, m'mapapo, m'mafupa kapena kuubongo. Ngati tizidutswa take tinanyamuka kale, kuchotsa bere sikungatibweze. Tolimbana nato ndi kemo ndi mapiritsi. Ngati sitinanyamuke, opaleshoni iliyonse mwa ziwirizi yochitidwa bwino ikwanira. Bere lotsalalo lili ndi mwayi wokulirapo pang'ono woti khansa ibwereremo, ndipo ngakhale pachifuwa chomwe bere lachotsedwa imatha kutulukanso pachipsera. Palibe njira yomwe imapereka chitsimikizo chathunthu.

Koma onani bwino mawu aja akuti "n'kuwotchedwa ndi makina". Nkhani yonse kwa mayi wa ku Mchinji yagona pamenepo.

Kuwotcha kumeneku n'kofunikadi? Sindingasunge bere popanda iko?

Mu kafukufuku wa Fisher uja munali gulu lachitatu: amayi ochotsedwa chotupa chokha, osawotchedwa. Pomatha zaka 20, khansa inali itabwerera m'bere mwa amayi 39 pa 100 alionse. Mwa amene anawotchedwa inabwerera mwa 14 pa 100. Kusunga bere ndi kuwotcha ndi goli limodzi. Ng'ombe imodzi siikoka ngolo imeneyi. Pali amayi ochepa achikulire kwambiri, a kachotupa kakang'ono kofatsa, amene dokotala angawalole kudumpha kuwotcha, koma ambiri amene amadwala kuno ndi ocheperapo msinkhu ndipo zotupa zawo n'zokulirapo.

Kwa zaka zambiri m'Malawi munalibe makina owotchera khansa. Odwala ankadikira pamndandanda wotumizidwa kunja, ndipo a kuno kumalire ena ankadziyendera okha kudzera pa Mwami ndi Chipata mpaka ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. N'chifukwa chake amayi athu ambiri anachotsedwa bere lonse ngakhale chotupa chinali chaching'ono, ndipo madokotala ankachita bwino kutero. Zinthu zasinthako: mu 2024 chipatala cholipira cha International Blantyre Cancer Centre chinatsegulidwa ku Blantyre, ndipo mu 2025 boma linatsegulira National Cancer Centre pa Kamuzu Central ku Lilongwe.

Komabe makina kukhalapo ndi inu kuwotchedwa pa nthawi yake ndi zinthu ziwiri. Kuwotcha kumachitika tsiku ndi tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu. Kawirikawiri ndi maulendo 15 m'milungu itatu, pena 25 m'milungu isanu, ndipo kwa ena masiku ano amachita asanu okha. Pa makinapo mumagona mphindi zochepa, simumva kupweteka kapena kutentha, ndipo mukatuluka mutha kunyamula mdzukulu popanda kum'patsira kanthu. Khungu limada ndi kuyabwa pomapita kumapeto, thupi limafooka. Chovuta si makinawo koma msewu. Kuchokera pa Boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, ndipo wa ku Kapiri kapena kwa Mkanda ayenera kuyamba wafika kumsewu waukulu. Palibe amene angakwere minibasi imeneyo m'mawa ndi madzulo milungu itatu. Pafunika mbale mumzinda wokusungani, ufa wonyamula, ndi munthu wotsala ndi ana komanso mbuzi.

Tsono musanasankhe kusunga bere, funsani mosapita m'mbali: "Adokotala, kodi ndikawotchedwa kuti, ndipo ndiyamba liti?" Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ngati yankho ndi lomveka ndipo kwanu mwakonza zokhala ku Lilongwe mpaka kumaliza, kudulanso pang'ono ndi njira yabwino, musachite nayo manyazi. Ngati mukuona kuti muyamba n'kulekeza panjira, kapena tsiku loyambira silikudziwika, ine ndinganene poyera kuti kuchotsa bere ndiko kungakutetezeni kwambiri.

Ndi liti pamene dokotala anganene kuti kusunga bere sikutheka?

Pamene khansa yakhudza inki mbali zingapo, kapena ili malo awiri atatu otalikirana m'bere limodzi. Pamene bere ndi laling'ono moti akadulanso chotsalacho sichikhalanso bere. Pamene khansa yagwira khungu, bere lafiira, latupa, khungu lake lachita timaenje ngati khoko la lalanje. Mtundu umenewu amayamba ndi kemo, kenako kuchotsa bere. Pamene munawotchedwapo kale mbali yomweyo, chifukwa malo amodzi sawotchedwa kawiri mwachisawawa. Ndiponso pamene muli ndi pakati pang'ono, poti makinawo angavulaze mwana ndipo kudikira mpaka mubereke n'kutali.

Palinso za kumtundu. Ngati amayi anu, azakhali kapena achemwali anadwala khansa ya m'mawere kapena ya m'mabasiketi a mazira adakali achitsikana, uzani dokotala. M'mabanja ena mumayenda chosintha chobadwa nacho chotchedwa BRCA1 kapena BRCA2, chomwe chimakweza kwambiri mwayi wa khansa ina yatsopano.

Mbali inanso: nthawi zina inki yakhudza khansa kumbali yakunsi, komwe dokotala anafika kale pachikuta cha mnofu, moti kulibenso nyama ya bere yoti adule. Pamenepo angathe kusiya opaleshoni n'kuwonjezera mphamvu ya kuwotcha pamalopo.

Akadulanso n'kupeza kuti m'mphepete mudakali khansa?

Zimachitika. Pena amayesanso kachitatu ngati bere ndi lalikulu, koma nthawi zambiri apa amalangiza kuchotsa lonse. Opaleshoni iliyonse ili ndi kudikira bala ndi kudikira zotsatira, ndipo milungu imeneyo ikuchedwetsa kemo. Dziwaninso kuti kawirikawiri nyama yodulidwa kachiwiriyo imabwera yopanda khansa n'komwe. Musati munavutikira chabe. Panalibe njira ina yodziwira.

Ndikachotsa bere, ndiye kuti ndathawa kuwotcha ndi kemo?

Kuwotcha mwina, kemo ayi. Ngakhale bere litachotsedwa, amawotchabe pachifuwa ngati chotupa chinali choposa masentimita 5, ngati chinagwira khungu kapena mnofu, kapena ngati khansa yapezeka m'timabere ta m'khwapa (tija ta mwanabere), makamaka tinayi kapena kuposa. Funsani zimenezi musanasankhe, chifukwa mayi wina amataya bere pofuna kupewa ulendo wa ku Lilongwe, kenako n'kuuzidwa kuti ulendowo ulipobe.

Kemo ndi mapiritsi sizidalira mtundu wa opaleshoni. Zimadalira kukula kwa chotupa, za m'khwapa, ndi khalidwe la khansayo. Papepala mungaone zilembo ER, PR ndi HER2, zosonyeza khalidwe limeneli. Ngati ER ili positive, ndiye kuti khansayo imakula ndi mahomoni achikazi, ndipo mudzamwa piritsi monga tamoxifen tsiku lililonse zaka zisanu kapena kuposa, bere lilipo kapena palibe. Amene muli pa ma ARV pitirizani kumwa, ndipo onetsani madokotala a khansa botolo lake.

Bwanji akukamba za m'khwapa pomwe chotupa chinali m'bere?

Timabere ta m'khwapa, tomwe tikatupa timati mwanabere, ndi pokwerera poyamba pa ulendo wa khansa. Ngati pa opaleshoni yoyamba sankadziwa kuti ndi khansa, m'khwapa sanakhudzemo, ndiye adzachita pa yachiwiriyi, kaya musunga bere kaya ayi. Kumene kuli zipangizo amabaya mankhwala a utoto n'kuchotsa kabere kamodzi kapena tiwiri toyambirira. Kumene kulibe, kapena ngati tatupa kale, amachotsa tambiri. Kutupa mkono komwe amayi amaopa kumachokera ku opaleshoni ya m'khwapayi ndi kuwotcha m'khwapa, osati kuchotsa bere pakokha.

Anthu akuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni kawiri imalusa.

Mawu amenewa anabadwa chifukwa cha zomwe anthu anaona ndi maso: mayi anapita kufiyeta, miyezi itatu n'kumwalira. Chomwe sanaone n'chakuti anafika khansa itafalikira kale, atatha chaka akupaka zitsamba ndi kutemera pachotupa. Mpeni sunam'phe, unangofika mochedwa. Pempherani, abusa ndi amayi a mvano abwere, zimalimbitsa mtima. Koma mphini ndi phula pabala la opaleshoni zimabweretsa mafinya, ndipo mankhwala ena akumwa amavulaza chiwindi chomwe chikufunika champhamvu pa kemo.

Ndingadikire mpaka ndikolole ndi kugulitsa soya?

Masiku angapo, ngakhale mlungu umodzi kapena iwiri yoganiza ndi kukambirana, siionongetsa kanthu. Miyezi ndiyo yoopsa. Mayi wouzidwa mu Febuluwale amene akuti abwera mu Juni ndalama zikapezeka, amatha kubwera chotupa chitameranso pachipsera, njira yosunga bere itatsekeka yokha. Ngati vuto ndi thiransipoti, nenani kwa anamwino pa chipatala cha Boma, mufunse za galimoto yopititsa odwala ku Central ndi masiku ake. Mbuzi imodzi yogulitsa lero ndi yotchipa kuposa maulendo a mtsogolo.

Bambo a kunyumba akukana zochotsa bere. Nditani?

Apa ndi pomwe amayi ambiri amasowera. Amavomera pamaso pa dokotala, amapinda kapepala ka tsiku la opaleshoni kanayi, n'kukaika m'buku la kuchipatala, bukulo m'jumbo ya shuga, jumboyo m'chikwama. Akafika kunyumba bambo akuti "mkazi wa bere limodzi ine ayi," apongozi akuti tiyambe tayesa kwina, ndipo tsiku lija limadutsa kapepala kali chipindire.

Musakafotokoze nokha. Atengeni bambowo ulendo wotsatira, akamve okha kwa dokotala, afunse zomwe akuopa. Ambiri amaopa zinthu zomwe sangazitchule pagulu: ngati matendawa ndi opatsirana pogona, ngati za m'banja zithera pomwepo. Khansa siipatsirana, ndipo bala likapola banja limayenda monga kale. Ngati mawu a amalume kapena ankhoswe ndiwo amamveka pakhomopo, aitaneni iwowo. Koma posaina pepala la opaleshoni, dzanja ndi lanu. Munthu wamkulu wa nzeru zake safunika chilolezo cha mwamuna kuti achitidwe opaleshoni.

Mbali ina iliponso, ndipo siikambidwa. Pali amayi amene angathe kusunga bere bwinobwino koma achibale akuwakalipira kuti "mukukonda thupi kuposa ana." Kufuna kukhala ndi thupi lathunthu si kunyada. Ngati dokotala wati n'zotheka ndipo kuwotcha kulipo, moyo wanu simunauike pachiswe.

Ndidzatha kubereka ndi kuyamwitsa?

Bere lowotchedwa limatulutsa mkaka wochepa kwambiri kapena osatulutsa n'komwe, ndiye kusunga bere sikutanthauza kusunga mkaka wake. Bere linalo limakwanira kulera mwana. Kemo imatha kuimitsa msambo, kwa ena kwakanthawi, kwa oyandikira zaka 40 pena mpaka kalekale. Musatenge pakati muli pa kemo, pa kuwotcha kapena pa tamoxifen, ndipo njira yolera ikhale yopanda mahomoni, monga lupu ya kopa kapena makondomu, osati jakisoni kapena ya pamkono.

Nanga khasu, mtondo ndi ndowa?

Mudzazigwiranso. Milungu inayi kapena isanu ndi umodzi yoyamba musanyamule zolemera mbali yochitidwayo. Koma musaumangirirenso mkono pachifuwa ngati wothyoka, phewa lingaume. Anamwino akuonetsani zolimbitsa: kuima moyang'ana khoma n'kumayendetsa zala kukwera pang'onopang'ono, lero kufika pa njerwa iyi, mawa yapamwamba pake, mpaka mutha kupesa tsitsi ndi kumanga duku nokha. Ngati anachotsa timabere ta m'khwapa, samalani mkono umenewo ku zilonda, minga ndi moto wa pamafuwa. Kabala kakang'ono katsukeni ndi sopo msanga. Mkono ukayamba kulemera, chibangili kapena mphete n'kumathina, pitani kuchipatala usanakule.

Pa maonekedwe, opaleshoni youmbanso bere ilipo m'dziko lapansi koma kuno ndi yosowa ndiponso yodula. Amayi ambiri amasoka kathumba kofewa ka thonje kapena kuluka ka ulusi n'kuika m'kamisolo bala litapola, ndipo pansi pa bulauzi ndi chitenje palibe amene amadziwa.

Ndingochotseratu ndi linalo kuti ndipumule?

Ayi, pokhapokha ngati pali nkhani ya kumtundu ija. Kwa mayi wamba kuchotsa bere labwino sikuwonjezera masiku a moyo, kumangowonjezera bala. Lizipimidwa basi pa ulendo uliwonse wa kuchipatala.

Tsiku lokaonana ndi dokotala ndinyamule chiyani?

Buku la kuchipatala ndi pepala la zotsatira za ku labotale. Pepala limeneli lijambuleni pafoni ndipo chithunzicho mutumizirenso mwana wanu kapena mchemwali pa WhatsApp, chifukwa likasowa chilichonse chimaima. Tengani munthu mmodzi womva msanga, poti mwini matenda akangomva mawu oti khansa, zotsatirazo zimangodutsa m'makutu. Mufunse kuti chotupa chinali masentimita angati, inki inakhudzidwa mbali zingati, m'khwapa achitamo chiyani, ER ndi HER2 zinayezedwa kapena ayi, ndiponso ngati kemo iyambe opaleshoni isanachitike, chifukwa pa zotupa zina amayamba ndi kemo. Ngati mawu abwera m'Chingerezi, nenani kuti, "Pepani adokotala, mundiuze m'Chichewa." Musanatuluke pakhomo onetsetsani kuti tsiku lobweranso lalembedwa m'buku, ndipo mwapatsidwa nambala yoti muimbe tsikulo likasintha.